Kupempherera timu ya a Madala

Lolemba

Ndagula kope. Nkhani yafika pofunika kope.

Zinthu zili chonchi. Timu yathu yatsala ndi masewero atatu. Kuti ilowe m'ndime ya chipulula, iyenera kupambana onse atatu, ndipo timu ina ija, ya malaya obiriwira, iyenera kugonja awiri mwa atatu ake. Awerengera ndi a Zulu, alonda a pageti pathu pano, a ku Chipata, kuseri kwa pepala lolembapo kutentha kwa thupi la alendo. Akuti, "Ba sister, mwayi ulipo, koma ni ung'ono maningi."

Ndikuti "timu yathu" ngati ndinabadwira pa ayisi. Ine mwana wa ku Ntcheu, amene ayisi ndinkangomudziwira m'mafirizesi!

Hoke, kwa amene angadzatole kopeli ine nditafa: anyamata akuluakulu opanda mano akutsogolo, nsapato za mipeni kunsi, ndodo zokhota, onse kulimbirana kanthu kakuda konga chitini cha polishi. Akayamba kumenyana, oyimbira amaonerera kaye, kenako n'kuwakhazika m'kabokosi mphindi zisanu kuti aganize bwino.

Anandilowetsa m'zimenezi ndi a Madala, bambo awo a Madam, abwana anga. Zaka 78. Akazi awo anamwalira kwawo ku Canada Korona atangoyamba, Madam n'kukawatenga chifukwa anali atasiya kudya. Ntchito yanga ndi iwowa: mankhwala, chakudya, kuyenda nawo m'mbali mwa Creek, kamtsinje ka madzi a m'nyanja kodutsa mumzinda uno, dzuwa likapepa. Masewero a kwawo kuno amafika sikisi koloko m'mawa. Poyamba ndinkangobweretsa khofi n'kubwerera kukhitchini. Tsopano ndimakalipira oyimbira m'Chichewa.

Vuto ndi ili. Anauza Madam kuti timu ikadzatuluka, abwerera kwawo. Katemera anabayitsa kale, kawiri konse. Ndiye ikatuluka Lamulungu likubwerali, khalas, zatha basi, akupita. Ikalowa m'chipulula, ndi masabata ena awiri, mwina mwezi, mwina iwiri.

Ntchito yanga siikutha, Madam ananditsimikizira. Si za ntchito. Mu Januwale bambo anga atamwalira sindinathe kupita. Maliro ndinaonerera pa foni m'chipinda chochapira, netiweki ikudukaduka. A Madala anandipeza m'menemo, anavundikira ndowa n'kukhalapo pambali panga maola atatu, ndi bondo lawo lovutalo, osanena kanthu. Mzungu kudziwa kukhala pa maliro! Kuyambira tsiku limenelo ndimawaona ngati bambo anga. Sindikufuna apite. Ndalemba, ndawerenga, ndi zoona.

Pulani:
1. Kusala kudya tsiku lililonse mpaka thwelofu koloko.
2. Kupereka mutu wa pemphero ku gulu lathu la amayi la pa foni.
3. Kusunga miyambo ya a Madala osafunsa mafunso.
4. A Zulu aziwerengera.
5. Osatukwana oyimbira. Munthu sungasale uku ukutukwana.

Lachiwiri

Hafu faifi. Ndadzuka ndi mphamvu zanga zonse, m'mimba muli mbee, mtima uli m'malo.

Miyambo ya a Madala tsiku la masewero:
jezi ya buluu yong'ambika m'khwapa
sokisi imodzi yofiira, inayo iliyonse
mpando wa kumanzere kwa sofa
rimoti iloze kukhonde
katani itsekedwe theka
wina aliyense asanene kuti "tawina" belu lomaliza lisanalire

Anthuwa amatiseka ife ndi zithumwa za mpira! Kwathu sing'anga wa timu amabisala, amachita manyazi. Kuno amakhala pa sofa ndi digiri ya uinjiniya.

Mphindi makumi awiri chiyambireni masewero, kusala kwatha. A Madala adula tosti pakati, apaka jamu, andipatsa theka. Ndikuti, "Bambo, ndikusala." Akuti, "Usale mawa, mwana wanga, lero kuli masewero. Sabata yatha unadya theka tinagoletsa." Nambala 1 ndi nambala 3 zagwirana pakhosi. Ndayang'ana kumwamba. Ndayang'ana pa TV, tili kumbuyo ndi chigoli chimodzi. Ndaluma. Tagoletsa ndisanameze!

Ndiye munthu ukhulupirire ziti?

Nambala 5 nayo yapita. Oyimbira uja ndamutchula mbuzi. Kawiri. A Madala afunsa tanthauzo, tsopano akumutchula okha.

Tapambana 3-2! A Madala akuimba m'bafa, mawu ngati jenereta, koma akuimba.

Manyazi okha. Mzinda wonse uli pa Ramadan, anthu akusala dzuwa lonse ndi kutentha konseku, ngakhale dontho la madzi. Ine sindinakwanitse ola.

Mutu wa pemphero ndatumiza: "Amayi, tikumbukire anyamata makumi awiri amene ali pa mayesero aakulu ku dziko lozizira." Si bodza. Pofika madzulo ma Amen akwana khumi ndi anayi.

Lachitatu

Lero ife sitikusewera. Kusala kwafika naini koloko, kenako mankhwala a a Madala ofunika kudyera, ndipo iwo sadya okha. Akuti akamadya okha amamva kutafuna kwawo. Phala la otsi, mbale ziwiri.

Teni koloko foni. Mayi Gondwe, tcheya wa gulu lathu. "Chemwali, anyamata ajawa ndi a kwathu? Anawalanda mapasipoti? Akugona pati? Tiyambe kusonkha majekete?"

Ndafotokoza. 

"Chemwali, gulu ili ndi la odwala ndi ofuna ntchito." Kenako apuma mozama. "Komabe, Mulungu sanyoza chaching'ono. Tiwapempherera."

Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa pangapa! Ndawonjeza kuti palinso mbali yachiwiri, yoti obiriwira agonje kawiri.

"Iyayi. Ife sitipempherera munthu kuti agwe. Obiriwirawo alibe amayi awo?"

Ndipo nkhani aitengera pa gulu kuti onse aphunzirepo. Pasanathe mphindi zisanu, Esinati walemba. Esinati mnzanga wa ku Mulanje, amene tinakwera ndege imodzi pobwera kuno, amene ndinamubwereka jekete yanga mwezi wathunthu. Nayenso amagwira kwa anthu a ku Canada, koma sindinaganizepo zofunsa kuti a mbali iti. Akuti: "Pepani amayi, obiriwirawo ine ndinawapereka kale sabata yatha. Mutu uja ndinati banja la abwana anga lipeze chimwemwe."

Ndabwerera m'mbuyo pa foni. Ulipo. Pansi pake pali Amen wanga. Ndi timanja topemphera titatu!

Obiriwira apambana 4-1 m'mawa uno. Amen wanga ali momwemo.

A Zulu pageti, akundiloza kamfuti koyezera kutentha pamphumi: "Manje bafunika baluze yonse ibili, ba sister. Elo bakaluza mu extra time bamabapasa pointi imozi, ninshi tafa." Masewera otani opatsa mphoto munthu wogonja? Azungu ndi chisoni chawo.

Esinati sindikumuyankhula.

Lachinayi

Kusala: sindinayese n'komwe. Tosti ndapaka ndekha.

Mwambo watsopano, sindinkaudziwa. Pamene waima timu ikamagoletsa, ndi pamalo pako mpaka masewero atha. Ine ndikuchokera kukhitchini ndi thireyi ya khofi, ndafika pakhomo, chigoli! "Usasunthe!" Ndaima. Mphindi makumi atatu pakhomo la khitchini, thireyi m'manja, TV ndikuiona theka, theka linalo ndi mutu wa a Madala. Khofi wazizira ndikumuona.

Goloboyi wathu amugunda pabondo. Wagona pa ayisi, wadzuka, watsimphina, wakana kutuluka. Mwana wa eni ake, zaka 24, ndevu ngati mneneri. Ndamupempherera poyera, uyu Mayi Gondwe sangakane.

Afanana mphamvu, 2-2. Nthawi yowonjezera. Mikono yanga yafa dzanzi. Kenako kamnyamata kaja kakafupi, kamene a Madala amakanena tsiku lililonse kuti kagulitsidwe, kadutsa anthu atatu n'kuponya. Chalowa!

A Madala adumpha, ndi bondo lomwelo, atembenuka: "Helen! Helen, waona?"

Dzina la malemu akazi awo.

Aima choncho, manja m'mwamba. Kenako awatsitsa pang'onopang'ono, akhala pansi, akonza rimoti imene inali kale yolunjika. Akuti mayiwo zaka makumi anayi ankaonerera ali pakhomo la khitchini, chifukwa mtima wawo sunkapirira kukhala pansi. Apepesa. Ndati palibe chopepesa. Ndapita kukatenthetsa khofi, ndipo ndachedwako dala.

Madam atuluka m'chipinda chawo cha mamitingi, pamwamba bulauzi, pansi mapijama. "Dadi, BP ikakwera rimoti ndikulandani." Koma nkhope yawo sikusangalala ndi chipambanochi ngakhale pang'ono. Mwana wotani wosakondwera ndi timu ya bambo ake?

Awiri tatha. Atsala amodzi.

Lachisanu

Ofu.

Obiriwira AGONJA! 2-0, opanda extra time, opanda pointi yachisoni! A Zulu andichitira sawatcha pageti. "Ba sister, pemphero yanu ili na network!"

Ndakwera basi mpaka dera la Hor Al Anz, masiki pamphuno, thukuta m'khosi. Mayi Gondwe atiitana ine ndi Esinati kuchipinda kwawo kuti tikayanjane. Anthu atatu, zenera lotsegula, mipando motalikirana ngati pabwalo la milandu.

Mlandu wa Esinati: abwana ake timu ikagonja sakalipa, samwa, samenya chitseko. Amalowa m'khitchini n'kuyamba kulongosola makabati. Zokometsera ndiwo amazindandalika motsata afabeti. Mapoto motsata msinkhu. "Ulendo watha mchere ndinaupeza patapita masiku atatu, asisi! Lero ndawasiya ali pa situlo, afika pa mashelefu a pamwamba. Inu mukufuna ndife?"

Ndaseka mpaka masiki yanyowa.

Mayi Gondwe: "Nanga inu chemwali, mlandu wanu?"

Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za mapointi. M'malo mwake kwatuluka za ndowa ija ya m'chipinda chochapira. Sindinamalize. Esinati waiwala za kutalikirana, wandikumbatira, akuti, "Bwanji osanena, chitsiru iwe? Mchere ndi chiyani? Ndiziuika m'thumba la yunifolomu." Walonjeza kuti mpaka Lamulungu sapempherera mbali iliyonse.

Chigamulo cha Mayi Gondwe: gulu lizingopempha kuti aliyense asavulale. Mu hoke! Pemphero limenelo ngakhale angelo ayang'anizana.

Pulani tsopano:
1. Kunatha.
2. Kwasanduka za ma bandeji.
3. Ikuyenda, koma ndikuopa kuti ndalowa chipembedzo china.
4. A Zulu ayamba kudzitcha kochi.
5. Mbuzi.

Komabe Lamulungu tikapambana, iwo n'kugonja, talowa. Inshallah. Pobwerera ndagula jamu wina, waukulu.

Loweruka

Madam andiitanira kuchipinda kwa a Madala iwo ali pakhonde. Atulutsa suti yakuda m'sutikesi. Akuti ndiipititse kwa telala aibweze m'chiuno, bambo anaonda.

Ndafunsa kuti kuli ukwati?

"Maliro a amayi."

Ndati mwina akunena chikumbutso, kapena kumanga chiliza. Ayi. Maliro enieni. Mayi Helen sanaikidwe. Nthawi imene anamwalira anthu sankaloledwa kusonkhana, thupi linaotchedwa monga amachitira kwawoko, ndipo phulusa lili m'kabokosi pa shelefu kwa osunga maliro, ndi kapepala ka dzina. Chaka chathunthu ndi mwezi. Manda alipo, pafupi ndi makolo awo. Chikusowa ndi a Madala basi. Poyamba anati Korona. Kenako anati nthaka yauma ndi chisanu. Kenako bondo. Kenako anati ligi ithe kaye.

Madam akhala pa bedi, suti pamiyendo, akulira mopanda phokoso kuti pakhonde pasamveke. "Ndikungofuna amayi anga agone. Sabata yonseyi ndakhala ndikupempha kuti timu imeneyi igonje, ndipo ndikudziona ngati mfiti."

Ndiye m'nyumba imodzi muli mapemphero awiri oyang'anizana. Kumwambako ayenera kuti atopa nafe.

Ine mutu sukugwira. Kwathu maliro akagona masiku atatu anthu amayamba kunong'onezana. Chaka! Ndipo ine, mayi wa Mvano, ndakhala ndikudzuka hafu faifi, kusala mwa apo ndi apo, kusokoneza gulu lonse, kuti mayi wa eni ake apitirize kukhala pa shelefu. Sindinkadziwa. Koma ndikanafunsa. Miyezi isanu ndi iwiri ndikuwerenga mapiritsi a munthu, osafunsa kuti akazi ake agona kuti.

Madzulo, m'mbali mwa Creek. Tikuyenda pang'onopang'ono, anthu akuthamangira kukamasula kusala. Pa benchi yathu ndalimba mtima. "Bambo, Madam andipatsa suti."

Ayang'ana maboti. Kenako: "Ndikakamuika, ndiye kuti wapitadi."

Ndawauza kuti bambo anga sindinawaperekeze, koma ndikudziwa pamene agona, pansi pa mtengo wa mthethe kumanda kwathu, ndipo tsiku limene ndidzafike ndikudziwa pokaima. Madam alibe pokaima. Ndikukankha ndi manja anga chinthu chimene sabata yonse ndakhala ndikukoka.

 Pobwerera, m'lifiti, akuti, "Bondo la goloboyi lija lipirira mawa?" Ndati lipirira.

Ndalemba pa gulu: "Amayi, mutu wa anyamata aja ndauchotsa. Tikumbukire bambo wina amene ali ndi ulendo wovuta." Mayi Gondwe: "Awanso ndi a pa ayisi?" Ndati ayi, awa ndi enieni.

Mawa sindikudziwa kuti ndichemerera chiyani.

Lamulungu

Faifi koloko, uthenga wa a Zulu. Obiriwira amasewera kum'mawa kwa dziko lawo, masewero awo amatha ife tisanadzuke. "Bawina 3-1. Yasila, ba sister. Sorry maningi."

Tatuluka. Tisanaponde n'komwe pa ayisi.

Ndakhala pa bedi pang'ono. Kenako ndadzuka, ndaika buledi m'makina, nanga n'kutani.

A Madala ali kale pampando wa kumanzere. Jezi, sokisi yofiira, rimoti kukhonde. Akuti, "Lero ndi lero, mwana wanga." Sakudziwa. Sindiwauza. Awone anyamata awo ndi mtima wonse kotsiriza.

Ndipo anyamatawo, anthu opanda manyazi, asewera ngati sanasewerepo chaka chonse! Chimodzi. Ziwiri. Kamnyamata kogulitsidwa kaja kagoletsa zitatu kokha. Goloboyi ndi bondo lakelo watseka golo ngati sitolo ya Lamulungu. 5-0! Anali kuti mu Febuluwale? A Madala akukuwa chigoli chilichonse, ine ndikukuwa kuposa iwo, theka langa la tosti ndadya ndi misozi, iwo akuyesa ndi chimwemwe.

Belu lalira. Anyamata akweza ndodo kulonjera mipando yopanda anthu. A Madala azimitsa TV.

"Unadziwa nthawi yanji?"

"Faifi koloko."

"Ine hafu folo. Sindinafune kukuwonongera masewero."

Taseka, taseka, mpaka Madam atuluka kudzaona ngati BP yakwera. A Madala awayang'ana mwana wawo. "Gula tikiti. Ziwiri, ngati kuntchito angakulole." Madam angogwada pa kapeti n'kuika mutu pa bondo lovuta lija, ndipo iwo sanadandaule.

A Zulu akuti ndi ine ndalakwitsa, sumachotsa pemphero pa last minute. Esinati akuti abwana ake asangalala kwambiri moti alowa m'khitchini kukaphika okha, ndipo bola akanagonja. Mayi Gondwe akuti palibe wavulala, gulu layankhidwa.

Mtima ukuwawa. Sindinamizira kuti sukuwawa. Lachisanu m'mawa ndidzadzuka hafu faifi mwachizolowezi, ndipo pa sofa padzakhala popanda munthu.

Masana andiitana pakhonde. Akhala pa mpando wa pulasitiki, thaulo paphewa, sizasi m'manja. Kumalo ometera akukana kupitako chiyambire Korona, tsitsi lafika m'khosi. Akuti sangakaonekere kwa akazi awo chonchi. Ndati sindinametepo mzungu, tsitsi lake loterera ngati ndevu za chimanga. Akuti palibe kanthu, ndiyambe.

Ndayamba. Khutu limodzi latsala pang'ono kupita. Iwo ali phee, maso otseka.

"Kumbuyoko usadule kwambiri. Helen sakonda."

Kumbuyoko ndasiya momwe mayi amakondera. Ndege ndi ya Lachinayi.